Kusaka njinga yamoto yaing'ono yosachititsa dzanzi m'manja: mmene zikuyendera

Kumayambiriro kwa Meyi

Ndayamba kulemba izi kuti ndisamaiwale zomwe ndayesa kale, komanso mwina zithandiza wina amene akuganiza zogula njinga ya mtundu womwewu. Ndikufuna njinga yamoto yaing'ono ya dual-sport, zija zazitali miyendo zomwe mudguard yakutsogolo imakhala m'mwamba, anthu timangoti za alangizi kapena za mabungwe. Koma ine sikuti ndizikalowa nayo m'tchire ayi. Ulendo wanga wa tsiku ndi tsiku ndi wochoka ku Area 25 ku Lilongwe kudzera ku Kanengo, kutsata M1 mpaka m'tauni, madzulo kubwerera, nde pafupifupi msewu onse ndi wa tala kupatula kanjira kolowera kunyumba komwe dzinja kamangokhala matope okhaokha. Pena mwezi ukatha ndimafika ku Mponela kukaona makolo.

Wina afunsa kuti nanga bwanji osangogula ya mumsewu wamba ngati za a kabaza zija. Chifukwa chake ndi maenje, mahampu, ndi m'mphepete mwa tala muja momwe minibasi ikakufinya umayenera kutsikira mwadzidzidzi olo pali chidikha. Njinga yaitali siigunda pansi, mashoko ake ndi aatali amameza dzenje, ndipo umakhala mowongoka ukuona patsogolo pamwamba pa magalimoto ang'onoang'ono.

Vuto lomwe landitopetsa ndi kunjenjemera. Njinga yomwe ndili nayo panopa ndi ya ku China, injini yake ndi yokopera kapangidwe ka Honda CG kaja, yolimba zedi ndipo sinanditayepo panjira, koma ndikangodutsa Kanengo nkuyipatsa moto pang'ono manja amayamba kuchita dzanzi, makamaka chala chachikulu ndi chamkombaphala cha kumanja. Magalasi nawo amangoti njenjenje, galimoto yakumbuyo imaoneka ziwiri. Ndipo dzanja lomwe likuchita dzanzilo ndi lomwe limagwira buleki yakutsogolo, apa mpomwe nkhaniyi yasiyira kukhala ya kumva bwino chabe.

Nde zomwe ndikuyang'ana ndi izi: njinga yoti pa sipidi ya makilomita 60 mpaka 80 pa ola pa tala manja azikhala anga, masipeya ake azipezeka konkuno, isamamwe petulo wambiri poti masiku ena timachita kugona pa mzere. Zomwe ndalemba papepala kuti ndiziyese ndi Yamaha DT125, AG200, XTZ125 ndi Honda XR150L.

Loweruka, ku Biwi

Lero ndinatha m'mawa onse pa galaja ya madala ena omwe amandikonzera njinga kuyambira kale. Ndinawapeza atamasula injini ziwiri pa tebulo, ina ya CG ina ya Yamaha YBR125, nde ndinati madala tandionetseni, chimanjenjemeretsa njinga kwenikweni nchiyani. Anangonyamula pisitoni nkundipatsa m'manja amvekere achimwene kameneka kakuoneka kopepuka koma tawerengani kamaima kangati.

Tinawerengadi. Injini ikamazungulira pa 6,000 rpm ndiye kuti crank, chitsulo chomwe pisitoni imazunguza, ikuzungulira ka 100 pa sekondi imodzi. Pa kuzungulira kumodzi pisitoni imaima kawiri, pamwamba ndi pansi, nkubwerera komwe yachokera. Nde ka 200 pa sekondi kachitsulo kaja kakuima nkutembenuka, ndipo nthawi iliyonse kakatero kamakoka injini yonse, injini nkukoka felemu, felemu nkupereka ku mahandulo, zopondera ndi chishalo. Pa injini zambiri za masilinda awiri kapena anayi pisitoni ina ikamakwera ina imatsika nde zimathandizana, koma njinga zazing'ono zonsezi ndi za silinda imodzi, pisitoni ilibe mnzake.

Opanga amaika zitsulo zolemera pa crank mbali yoyang'anizana ndi pisitoni kuti zizikokera kwina. Kungoti chitsulo cha pa crank chimayenda mozungulira pomwe pisitoni imangoyenda chokwera ndi chotsika, nde ukachilemeretsa kuti chithetse kugwedeza kwa m'mwamba ndi pansi chimayamba kugwedezera kutsogolo ndi kumbuyo. Ndiye amangogawa pakati, kwina pang'ono kwina pang'ono, koma kutheratu ayi.

Kenako anandionetsa mkati mwa ya YBR muja. Pafupi ndi crank pali kashafti kena kokhala ndi chitsulo cholemera mbali imodzi, kamalumikizana ndi crank kudzera pa magiya ndipo kamazungulira liwiro lofanana ndi crank koma mobwerera. Ndi balancer imeneyo. Poti kakuzungulira mobwerera, kugwedeza kwa kutsogolo ndi kumbuyo kuja kamakufafaniza, pomwe pa kukwera ndi kutsika kamathandizana ndi crank kulimbana ndi pisitoni. Mu CG yomwe inali pa tebulo munalibe kashaftiko. Injini imeneyi a Honda anaitulutsa m'ma 1970, ya mapushrod, timitengo tachitsulo tokankha mavavu, ndipo anaipangira dala maiko omwe anthu amachedwa kusintha oyilo, cholinga chinali kulimba ndi kusavuta kukonza, ndipo pamenepo inakwanitsa, ndi chifukwa chake mpaka lero akuikoperabe. Za manja a wokwera zinali pambuyo.

Chinanso chomwe ndachigwira lero ndipo ndikuona kuti chitsogolera kusankha kwanga konse: mphamvu yogwedeza ija siikwera mofanana ndi rpm. Rpm ikawirikiza kawiri, kugwedeza kumawirikiza kanayi. Nde injini yaing'ono yomwe ili phee m'mudzi pa giya yachiwiri ikhoza kukhala ina ndithu ukaitulutsa pa M1 nkuisunga pa moto wambiri kwa theka la ola. Munthu wogula dual-sport yoti aziyenda nayo pa tala akuyenera kuiyesera pa tala pomwepo, pa sipidi yomwe azidzayenda, osati kungozungulira nayo pa bwalo la wogulitsa.

Pochoka anandiuza kayesedwe kamodzi kosavuta. Ukafika pa sipidi yomwe ikunjenjemera, pa msewu woongoka wopanda anthu, gwira kilachi usiye moto injini itsike, njinga izingoyenda yokha. Kunjenjemera kukatha ndiye kuti ndi injini. Kukapitirira, ayi injini ilibe mlandu, yang'ana matayala, malimu ndi tcheni.

Sabata yotsatira

Ndayesa ziwiri zoyamba, zonse za anzanga.

DT125 ndi ya mnzanga amene anagwirapo ntchito ya ulangizi wa zaulimi, anaigula pa okushoni. Njinga imeneyi ndimaikonda kuyambira ndili mwana, banja lake linayamba kale ndi DT-1 ya 1968 yomwe anthu ambiri amati ndi yomwe inatchukitsa njinga zoyenda pa tala ndi pa fumbi pomwe. Ndi two-stroke, nde imaphulitsa moto pa kuzungulira kulikonse kwa crank, osati kamodzi pa kuwiri ngati four-stroke, ndipo oyilo wake amakhala mu kathanki kakekake, pampu nkumamusakaniza yokha. Ndi yopepuka, ukaipatsa moto imadumpha, mu mchenga ndi mfumu. Pa tala kunjenjemera kwake nkosiyana ndi kwa yanga, sikugunda ayi koma kunyerenyetsa kwa timizere ting'onoting'ono m'zopondera ndi m'mahandulo, ndipo ukaisunga pa sipidi imodzi nthawi yaitali imakhala ngati ikufuna uziisinthasintha moto. Nditagwira kilachi zonse zinati zii, nde ndi injini. Kuonjezera apo petulo imamwa kuposa ma four-stroke, oyilo wa 2T nayenso ndi ndalama. Ndikanakhala kuti ndimagwira ntchito kumidzi ya ku Dowa kuja ndikanaitenga osaganiza kawiri, koma ulendo wanga ndi wina.

AG200 sindinachedwe nayo. Anaipangira m'mafamu a ku Australia ndi New Zealand, tcheni chake ndi chotsekeredwa m'bokosi, ili ndi stand mbali zonse ziwiri, kaliyala kutsogolo ndi kumbuyo, magiya ake ndi aafupi kuti uziyenda pang'onopang'ono pambuyo pa ziweto. Yonyamulira katundu palibe yoiposa. Koma magiya aafupiwo pa M1 amapangitsa injini kulira pamwamba msanga, umafunafuna giya ina yomwe palibe. Ndaichotsa pa pepala.

Pakati pa Meyi

XR150L ndaiyendetsa, mwini wake ndi wa kutchalitchi kwathu anandilola kuitenga kuchokera ku Area 18 mpaka ku Lumbadzi nkubwerera. Apa mpomwe ndamva ndi manja anga zomwe madala aja amanena. Injini yake ndi 149cc, four-stroke, yoziziritsidwa ndi mphepo, magiya 5, ndipo ili ndi balancer. Pa 70 magalasi amaonetsa galimoto imodzi yeniyeni mpaka mtundu wake kuuzindikira. Kunjenjemera kulipo ndithu, silinda imodzi ndi silinda imodzi, koma nkofewa, kumamveka kwambiri m'mapazi kusiyana ndi m'manja. Tayala lakutsogolo ndi la mainchesi 19, lakumbuyo 17, nde pokhota pa tala imamvera msanga kuposa njinga za tayala lakutsogolo la 21. Kunena zoona pa ulendo ngati wangawu imeneyi ndiye ikukwana bwino kwambiri pa zonse zomwe ndakwera.

Zondibweza ndi ziwiri. Laisensi yanga ndi A1, yomwe imathera pa 125cc, nde 149cc ikufuna A, kutanthauza kubwereranso ku mayeso ndi ndalama zina. Chachiwiri mtengo, olo yogwiritsidwa kale ntchito eni ake sakuitaya motchipa, ndipo ndikuwamvetsa.

Wina anandiuza kuti ndingolimba mtima ndisake Honda CRF250L. Imeneyo ndi nkhani ina, 249cc, yoziziritsidwa ndi madzi, fuel injection m'malo mwa kabuleta, magiya 6, balancer ilimo, injini yake inachokera ku CBR250R ya mumsewu, inatuluka mu 2012. Giya yachisanu ndi chimodzi ija ndi yomwe ndimaisirira poti imatsitsa rpm pa msewu wautali. Koma thumba langa silifika, ndipo sensa imodzi ikafa ndi mmene forex ikuvutiramu njinga ikhoza kukhala pakhonde miyezi.

Yatsala XTZ125. Injini yake ndi ya banja limodzi ndi YBR125 ija ndinaiona mkati ku Biwi, 124cc, magiya 5, balancer ilimo, matayala 21 kutsogolo 18 kumbuyo. Ndamva kuti pali ina ikugulitsidwa ku Kawale.

Kumapeto kwa Meyi

Ndapita kukaiona kawiri, ulendo wachiwiri ndinatenga madala aja. Ndi yakale ndithu, penti inasuluka, kumbuyo anaotcherera kaliyala wamkulu wa zitsulo zomangira nyumba, matayala ndi a zibuma zikuluzikulu aja a mu matope. Nditaiyesa koyamba mtima unagwa chifukwa pa 70 imanjenjemera kuposa yanga ya CG, chinachake chimalira gwedegwede pansi pa thanki, mahandulo ngati wagwira chigayo chikugaya.

Koma nditagwira kilachi nkusiya moto ndinamva zinthu ziwiri zosiyana. Kunyerenyetsa kwa m'manja kunachepa, pomwe kudumphadumpha kwina kwa kutsogolo kunatsala, ndi kulira kwa wuuu kochokera pansi. Nde ndinadziwa kuti pali mavuto angapo osanjikizana, ndipo ena si a injini.

Kusiyanitsa kwake nkotheka ngakhale ndi manja okha. Tayala la 21 likazungulira kamodzi limayenda mamita awiri ndi kanthu, nde pa 80 limazungulira pafupifupi ka 10 pa sekondi. Limu ikakhala yokhota kapena tayala likalemera mbali imodzi umamva kugunda koti ukhoza kukutsatira ndi mutu, du du du du. Injini pa sipidi yomweyo ili pamwamba pa ka 100 pa sekondi, kumeneko sungawerenge, kumangonyerenyetsa nkusiya dzanzi. Chinanso, kwa tayala kumatsata sipidi ya njinga, olo usinthe giya sikusintha. Kwa injini kumatsata kulira kwa injini, ukatsitsa giya pa sipidi yomweyo kumakwera.

Madala anaiimika pa chitsa, anailiza, anaika nsonga ya sikuludiraiva pa injini chogwirira pa khutu nkumamvetsera malo osiyanasiyana. Amvekere achimwene mtima wake uli bwino uwu, crank siikugogoda, utsi palibe, zinazi ndi zoti anangoilekerera. Kenako anagwira injini ndi manja awiri nkuikankha, ndipo ine ndemwe ndinaiona ikusuntha pang'ono mu felemu.

Tagwirizana mtengo, mapepala ake ali bwino, blue book ikugwirizana ndi manambala a pa felemu ndi pa injini. Ndaitenga.

Juni, sabata yoyamba

Tagwirizana ndi madala aja kuti tizikonza chinthu chimodzi nkuyesa, kenako china nkuyesanso, kuti ndidziwe chomwe chathandiza. Malo oyesera ndi amodzi nthawi zonse, kuchoka ku Kanengo kulowera ku Lumbadzi m'mawa magalimoto asanachuluke. Njingayi ilibe mita ya rpm, nde ndagula kamita kakang'ono kaja kokulunga waya wake pa waya wa pulagi. Kamafuna ukauze kuti pulagi imathetheka kangati, ndipo njinga zazing'ono zambirizi imathetheka pa kuzungulira kulikonse olo ili four-stroke, ukakatchera molakwika kamakupatsa manambala owirikiza. Pa giya yomaliza kakuonetsa cha m'ma 5,100 pa 60, ndi cha m'ma 6,800 pa 80.

Tinayamba ndi mabawuti ogwira injini. Awiri apansi anali omasuka moti nati imazungulira ndi zala, ndipo kabulaketi kapamwamba komwe kamagwira mutu wa injini ku felemu, pansi pa thanki, bawuti yake imodzi panalibiretu, ndi komwe kumachokera gwedegwede uja. Madala sanangomanga ayi, anamasula onse kaye, anayang'ana ngati mabowo sanakule kapena felemu sinang'aluke, kenako nkumanga pang'onopang'ono mosinthana kuti injini ikhale pamalo pake isanafinyidwe, nkudontheza mankhwala aja oletsa nati kumasuka. Ntchito ya ola limodzi, ndalama yake ya bawuti imodzi basi.

Kusintha kwake sindinakuyembekezere. Theka la vuto linathera pomwepo. Injini ikamasuka imayamba yadzigunda yokha m'mabowo isanapereke ku felemu, nde balancer ingakhalemo bwanji palibe chomwe ingachite. Ndikuganiza za njinga zingati zomwe anthu amazinyoza kuti mtundu umenewu umanjenjemera pomwe nkhani ndi sipanala ya 14 ndi 17.

Tsiku lotsatira tinachotsa kaliyala uja. Zitsulo zake zazitali zimagwira kulira kwa injini pa rpm ina yake nkuyamba kuyimba zokha, chishalo chonse nkumanyerenyetsa. Titachotsa, cha m'ma 5,500 pomwe pamavuta pachishalo panati myaa. Ndidzaika wina wamng'ono womanga ndi mabawuti, wokhala ndi labala pakati. Labala ya pa bulaketi ya ekizozi nayo inali itauma nkusweka, tasintha.

Juni, sabata yachiwiri

Matayala ndi tcheni. Titaimika tayala lakutsogolo m'mwamba nkulizunguza pafupi ndi choko, limu imakhudza choko mbali imodzi nkuthawa mbali ina. Masipoko ena amalira tii ukawamenya ndi sipanala, ena amangoti phu, omasuka. Mnyamata wina wa pa galaja yoyandikana amene anayambira pa njinga zakapalasa ndi amene anaiongola, moleza mtima, kumanga apa kumasula apo, ndipo du du du uja watha.

Tcheni chinali ndi malo olimba. Ukazunguza tayala lakumbuyo pena chimakhala cholendewera pena chimakungika ngati chingaduke, zimenezo zimabwera tcheni chikatha mosafanana, ndipo mwini wake wakale anachikunga poyang'ana pomwe chili cholendewera. Pa dual-sport izi nzoopsa kuposa pa njinga wamba chifukwa shoko yakumbuyo ikamira kwambiri tcheni chimakungika, nde chimafuna mpata wokulirapo, chikapanda mpata chimakoka shafti ya sprocket yakutsogolo, kagudumu ka mano kokoka tcheni kaja, nkuononga bering'i. Ndagula tcheni cha 428 ndi masprocket onse awiri, poti tcheni chatsopano pa mano akale chimatha msanga.

Matayala a zibuma aja ndawavula ndawasunga. Pa tala chibuma chilichonse chimamenya msewu pachokha, nde kulira kwa wuuu kuja, komanso labala yokhudza pansi imakhala yochepa moti tala ikanyowa buleki siigwira bwino. Ndaika a timabuloko tating'ono toyandikana, okhala ndi mzere wopitirira pakati. Awa andisangalatsa kwambiri, njinga yasiya kulira pansi ndipo pokhota pa raundabauti siikuchitanso ngati ikufuna kugwa yokha. Ndikudziwa kuti mvula ikayamba kanjira ka kunyumba kaja kadzandivuta kuposa ndi akale aja, koma ndi mamita ochepa poyerekeza ndi ulendo onse, ndizidzadutsa pang'onopang'ono.

Tinachunanso mavavu injini itazizira, anali atatseguka mopitirira, tinatsuka kabuleta ndi fyuluta ya mpweya, pulagi yatsopano, oyilo watsopano. Izi kunjenjemera kwa pa sipidi sizinakusinthe kwenikweni, koma ikaima pa maloboti yasiya kututuma mosagwirizana.

Kumapeto kwa Juni

Tsopano chatsala ndi kunjenjemera kwa injini kwenikweni, kopanda zobisalamo. Mpaka cha m'ma 6,000 rpm ili bwino zedi, manja phee, magalasi akuonetsa bwino. Kuyambira cha m'ma 6,500 kukwera mpomwe mahandulo akuyamba kunyerenyetsa. Vuto ndi loti 80 yomwe ndimafuna kuyenda pa M1 ikugwera mkati mwenimweni mwa malo amenewo.

Nde tayesa kusintha sprocket yakutsogolo, kuchoka pa mano 14 kufika 15. Masamu ake ndi osavuta, 14 kugawa ndi 15, rpm imatsika ndi pafupifupi 7 pa 100 iliyonse pa sipidi yomweyo, nde 6,800 ija ikubwera cha m'ma 6,350. Zikuoneka zochepa koma paja kugwedeza kumatsata rpm mowirikiza, nde mphamvu yogwedezayo ikutsika ndi pafupifupi 13 pa 100, ndipo chachikulu nchoti 80 yatuluka m'malo ovuta aja. Tinayang'anitsitsa kuti tcheni sichikukhudza chivundikiro kapena mawaya odutsa pafupi, mpata ulipo.

Pali chomwe ndataya, sindibisa. Iyi ndi 125, mphamvu zake nzowerengeka, nde ponyamuka ikufuna kilachi uisiye mofatsa kuposa kale, ndipo pa chitunda kapena mphepo ya mwera ikakhala ikuomba kumaso giya yachisanu imatopa, ndimatsikira ku yachinayi, apo rpm imakweranso. Nditanyamula mlamu wanga kupita ku Area 49 ndinaona kuti ndi anthu awiri 14 ija inali bwino. Koma masiku ambiri ndimayenda ndekha ndi kachikwama kumsana, ndipo msewu wanga ndi wosakwera kwambiri, nde 15 ikhala. Wokhala ku Blantyre kapena ku Zomba komwe zitunda zili paliponse ndingamuuze kuti asiye 14 yomweyo. Sprocket yakaleyo ndaisunga m'bokosi, kubwezeretsa ndi mphindi zochepa.

Kuzizira kwa mwezi uno kwandiphunzitsanso china. M'mawa zala zikazizira dzanzi limabwera msanga olo njinga ili bwino, poti magazi safika bwino ku nsonga za zala. Magolovesi ochindikala kuchikhatho athandiza. Komanso kagwiridwe, ukafinya mahandulo mwamphamvu kunjenjemera konse kumalowa m'mafupa, nde ndikuzolowera kupanikiza thanki ndi mawondo, zigongono zopinda pang'ono, manja kungogona pa mahandulo. Zogwirira zakale zinali zouma ngati pulasitiki, ndaika za labala yofewa.

Nkhani ya dzanziyi ndimaiganizira kwambiri ndikaona anyamata a kabaza pa siteji ya ku Nsungwi. Ine ndimakwera m'mawa ndi madzulo, iwo tsiku lonse, zaka ndi zaka. Anthu ogwira makina ocheka mitengo ndi oswera konkire amadziwika kuti kunjenjemera kwa nthawi yaitali kumaononga mitsempha ya m'zala, zala zimayamba kuyera kukazizira, mphamvu yogwira imachepa, ndipo zikafika patali sizibwerera. Mmodzi amene amandinyamula njinga ikakhala ku galaja ndinamufunsa, amvekere bwana manjawa usiku amachita kuyaka. Ndinamutengera kwa madala aja, anamupeza ndi mabawuti a injini omasuka ndi tcheni chokungika kwambiri, amukonzera, ndipo ndamuuza kuti dzanzi likamapitirira olo atatsika pa njinga apite kuchipatala akamuone.

Julayi

Ulendo woyamba wautali, Lilongwe mpaka Mponela nkubwerera tsiku lomwelo. Ndinayenda pakati pa 70 ndi 80 pomwe msewu ukulola, ndinaima kamodzi pa Dowa Turn Off kuongola miyendo. Ndafika manja ali bwino, ndinatha kumasula lamba wa helemeti ndi zala zanga bwinobwino, zomwe pa njinga yakale ija ndimayamba ndadikira kaye. Chomwe chinatopa ndi pokhalira, chishalo cha dual-sport ndi chopapatiza poti anachipangira munthu woti pena aziimirira, nde ndikufuna ndikapeze wosoka mipando aonjezere siponji m'mbali osati pamwamba, njingayi ndi yaitali kale.

Nditabwerako ndayang'ana mabawuti onse a injini, tinawalemba timizere ta penti yoyera kuchokera pa nati kufika pa felemu kuti likasuntha ndizingoona ndi maso. Palibe lasuntha. Masipoko awiri akutsogolo anafuna kumangidwanso pang'ono, mnyamata uja anandichenjeza kale kuti zimatero limu ikangoongoledwa kumene. Tcheni chatsopano chatambasuka pang'ono, tachuna.

Kunyerenyetsa kukadalipo pamwamba pa 85, kumeneko sindikukulimbana nako, njingayi si ya sipidi imeneyo ndipo tayala lopyapyala la 21 ndi mphepo ya malole akuluakulu aja sizigwirizana.

Zotsala: kaliyala wamng'ono wa mabawuti, chishalo, ndi zolemera za kunsonga kwa mahandulo. Zolemerazo zimasintha rpm yomwe chitsulo cha mahandulo chimayambira kuyimba, nde ndikufuna ndione ngati zingachepetse kunyerenyetsa kuja. Zogula sizikupezeka za saizi yake, madala akuti atcheka zitsulo ziwiri zofanana kulemera kwa wa lathe, makina osemera zitsulo, ku Biwi komweko, tiziyesa Loweruka likubwerali pa msewu wa Lumbadzi womwe uja, kaye popanda, kenako nazo.